Timitsuko Tochokera ku Dedza

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pamene ndinayamba ntchito kunyumba ya adokotala, m'munsi mwa phiri la Dedza. Inali nthawi ya nkhondo kwathu kuno m'chigawo cha Tete, kutsidya kwa malire, ndipo tinathawa atatu kuchoka ku Mualadzi: amayi, achemwali anga ndi ine. Abambo anali atamwalira kale nkhondo isanafike kumudzi. Tinayamba takhala kumsasa wa othawa, kenako achemwali anakwatiwa ndi munthu wa ku Dedza wocheka matabwa, ndipo ndi alamu angawo amene anamva kuti kuli dokotala wina wamkazi akufuna munthu wochapa ndi kusesa.

Adokotalawo sanali mzungu, sanalinso mmwenye wa m'masitolo. Anali mayi wamfupi, wa imvi, wochokera ku dziko la zisumbu kutali kum'mawa. Chinyanja ankachidziwa chongokwanira kufunsa wodwala pamene pakupweteka, ndipo mawu akawathera ankamaliza ndi manja. Ankakhala okha. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kanyumba kena ka magalasi, ndipo m'menemo munali zomera zimene sindinazionepo chibadwire.

Tsamba lake linali lalitali ngati la mango, koma kunsonga kwake kunkatuluka kachingwe, ndipo kumapeto kwa kachingweko kunkalendewera kamtsuko. Kamtsuko kenikeni, kokhala ndi khosi, mlomo wofiira wonyezimira, ndi kachivundikiro pamwamba. Tina tinali ngati chala changa, tina totalika ngati chitsononkho. Adokotala anandiuza dzina lake m'chinenero chawo, lilime langa linakana, ndiye ndinangoti timitsuko. Iwonso anayamba kutchula choncho.

Sabata yoyamba yomweyo ndinalakwitsa. Anandiuza kuti ndisese m'kanyumbamo, ndipo nditasuzumira m'timitsuko ndinapeza madzi akuda, muli nyerere zakufa ndi ntchentche. Ndinaganiza kuti mayi wachikulireyu sakuona bwino. Ndinapendeketsa kamodzikamodzi, kutaya zonse, n'kutsukamo ndi madzi a pampopi. Madzulo atabwera kuchokera kuchipatala ndinawatengera komweko kuti aone ukhondo wanga.

Anaima pakhomo atagwira pakamwa. Ine ndinangoti ntchito yatha. Kenako anayamba kuseka, mpaka anakhala pansi pa chidebe.

"Mwana wanga, wataya chakudya. Chakudya chawo chonse!"

"Zimadya nyerere, amayi?"

"Zimadya. Kwathu paphiri dothi losauka, mulibe kanthu. Ndiye zinaphunzira kutchera."

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kundiphunzitsa, ndipo m'kupita kwa miyezi kanyumbako kanakhala ngati kanga. Zomerazi sizifuna dothi la m'munda. Mizu yake tinkaiika mu ndere zonyowa zimene tinkakazula pamiyala ya kuphiri, kusakaniza ndi timakungwa ndi timakala, kuti madzi azidutsa osaima. Manyowa ayi, feteleza ayi: ukathira zimapsa ngati wazithira moto. Madzi ake ndi a mvula okha, ndiye panali migolo iwiri pansi pa denga. Dzuwa zimafuna la m'mawa, la masana tinkatchinga ndi mkeka. Dzuwa likamalowa ndinkatsegula chitseko kuti mphepo yozizira ya kuphiri ilowe, chifukwa adokotala ankati zikagona mofunda zimafooka. Koma chachikulu pa zonse chinali chinyezi cha mumpweya. Masana ndinkathira madzi pansi, pasimenti ndi pamakoma, osati pamizu, kuti mukalowa muzimva kunyowa pankhope.

"Yang'ana nsonga ya kachingwe," ankatero. "Ikauma, mpweya wauma. Chomera chikhala moyo, koma mtsuko sichipanga."

Kukacha ndi nkhungu, yotsika phiri mpaka kubisa mpanda, adokotala ankachedwa kupita kuntchito. Ankatsegula mawindo onse a kanyumbako n'kuima pakati ndi kapu ya tiyi. Tsiku lina anandiuza kuti kwawo zomerazi zimamera zokha m'mbali mwa njira, ndipo ali mwana abambo awo ankawathyolera kamtsuko kosatseguka kuti amwe madzi ake ludzu likawagwira. Anati papita zaka zambiri asanapiteko. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anangoti, "Odwala ambiri," n'kumwa tiyi wawo. Sindinafunsenso.

Lamulungu lililonse ndinkatsika kupita kwa achemwali, kumene amayi ankakhalanso. Achemwali anga ndi amene anandilera, tinasiyana zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pothawa nkhondo ndi iwo amene anandibereka powoloka mtsinje mapazi anga atatupa, ine ndili mtsikana wamkulu kale. Ankandiluka tsitsi pakhonde, akundiseka kuti ndikununkha ndere. Ankadana ndi kuzizira kwa ku Dedza. Ine ndinali nditakuzolowera, mwinanso kukukonda, koma sindinkanena.

Mtendere utabwera anthu anayamba kulembetsa kuti abwerere. Amayi sanafune ngakhale kukambirana.

"Manda a abambo anu ali okha. Munda wanga wasanduka thengo. Ine sindifera dziko la eni."

Achemwali anali ndi ana awiri ndi pakati pena, ndipo banja lawo linali komweko. Zinali zodziwikiratu kuti sapita. Adokotala anandiuza kuti ndikafuna ndikhale, andiphunzitsa ntchito ya kuchipatala. Ndinakhala masiku ambiri ndikuganiza. Koma amayi anali atayamba kale kudwala msana, ndipo panalibe wina woti akawagwirire khasu. Ndinauza adokotala kuti ndikupita.

Sanandikakamize. Anatenga mpeni, anadula kachidutswa ka tsinde ka masamba atatu, n'kukabzala mu ndere. Pamene tsiku la ulendo linkafika kanali katagwira mizu. Anakaika m'chitini chobowola pansi, anavindikira ndi pulasitiki yoonekera, n'kundipatsa.

"Kwanu kukutentha. Mwina chifa. Chikafa, si iwe walakwa."

Achemwali anatiperekeza mpaka pamene malole ankaima. Sanalire pamaso pa amayi. Lole itayamba kuyenda ndinawaona atatembenuka, atavindikira mutu wonse ndi chitenje. Ulendo wonse chitini chinali pamiyendo panga, ndikuchitchinga ndi mpango.

Ku Mualadzi tinapeza mitengo itamera m'kati mwa pamene panali nyumba yathu. Tinaidziwa malo chifukwa cha mitengo iwiri ya mango imene abambo anabzala. Tinamanga kachisakasa, tinayamba kuswa mphanje. Miyezi yozizira chomera changa chinapirira bwino pansi pa mango, chinatulutsanso tsamba latsopano. Ndinayamba kudzitama mumtima.

Kenako chilimwe chinafika. Amene sanakhaleko kuno nthawi imeneyo sangamvetse: mphepo imatuluka ngati ya m'ng'anjo, milomo imang'ambika, zovala zochapa zimauma usanamalize kuyanika zina. Ndinamanga kakhola ka bango, ndinakuta ndi masaka, ndipo ndinkanyowetsa masakawo katatu patsiku. Madzi a mvula amene ndinasunga mumtsuko waukulu ndinkawagawa ngati mankhwala, mpaka anatha. Ndinayesa a pachitsime. Patapita milungu iwiri ndere zinayamba kuyera pamwamba ngati zawazidwa mchere, ndipo nsonga zonse zinauma. Amayi ankandiyang'ana ndikusenza ndowa yachinayi.

"Mwana iwe, madzi onsewa ukanathirira mpiru bwenzi tikudya ndiwo. Chimenechi chibereka chiyani?"

"Sichibereka kanthu, amayi."

"Nanga n'chachiyani?"

Ndinkangodziwa kuti ndikalowetsa mutu m'kakhola kaja n'kumva fungo la ndere zonyowa, kwa kanthawi ndinkakhala ngati Lamulungu lifika ndipo nditsika kukalukitsa tsitsi.

Nthawi imeneyo tinali titaumba njerwa za nyumba yeniyeni, ndipo kunabwera munthu wodzatifolerera denga. Anali wa mbali ya ku Nsadzo, ndipo iye nkhondo yonse sanatuluke m'dziko, ankabisala m'mapiri ndi abale ake. Anali wosayankhulayankhula. Tsiku lachitatu, ali pamwamba pa denga, anandiitana.

"Achemwali, pepani. Mwasenza mabalidi a madzi asanu ndi awiri lero, koma sindinaone nkhuku kapena bakha akutuluka m'kakholako. Mukuweta chiyani?"

Ndinamuonetsa. Anagwada, anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa chimene chimafuna. Ndinamufotokozera zonse: mpweya wonyowa, kuzizira, madzi opanda mchere, mthunzi wosada kwambiri. Ndinkayembekeza kuti aseka.

"Pali malo," anatero. "Tinkatungako madzi nthawi ija. Ndi patali pang'ono."

Tinapita m'mawa mwake, amayi atatipatsa azakhali anga kuti atiperekeze. Tinayenda kudutsa minda yonse, tinakwera kaphiri, n'kutsikira m'kachigwa kopapatiza pakati pa miyala. Ndisanaone madzi ndinayamba kuwamva pakhungu. Munali mitengo ikuluikulu ya mikuyu ndi mbawa yotsekana pamwamba, ndipo pansi pa thanthwe kasupe ankadontha m'kadziwe kosaposa lichero. Thanthwelo linali lobiriwira ndi ndere. Ndinangokhala pansi. Azakhali anaganiza kuti ndatopa.

Tinachotsa ndere zakale zija, tinatsuka mizu ndi madzi a pakasupe, n'kukulunga mu zatsopano. Mwamunayo analuka kadengu ka nsungwi, anakapachika panthambi yotsika, pamene dzuwa la m'mawa linkalowera koma mbuzi ndi anyani a pansi sakanafulumira kukaona. Ndinkapitako kawiri pasabata. Mvula itagwa chomeracho chinatulutsa masamba anayi, ndipo pofika nyengo yozizira kachingwe kamodzi kanatupa kunsonga. Ndinkakayang'ana kakukula, sabata ndi sabata, mpaka m'mawa wina ndinapeza kachivundikiro katatseguka, mlomo uli psuu. Munthu woyamba amene ndinathamangira kukamuuza anali wofolera denga uja. Chaka chomwecho anatumiza ankhoswe.

Apongozi anga anali a mpingo wa Ziyoni, mayi wolimba pa mapemphero. Zinawafika m'khutu kuti mkamwana wawo ali ndi chinthu kuphiri chimene chimadya zamoyo, ndipo amapitako yekha. Anabwera kunyumba atavala zoyera, ndodo yawo ili m'manja.

"Anthu akuyankhula, apongozi. Akuti munabwera nacho chizimba kuchokera ku Malawi. Ine sindikufuna kumva za m'maluwa. Tiyeni mukandionetse."

Anakwera kaphiri kaja akuimba chapansipansi. Titafika anaima patali, anapemphera, kenako anayandikira. Mwamwayi panali nyerere ikuyenda pamlomo wa kamtsuko, ikunyambita timadzi totsekemera. Tinaiyang'ana tonse awiri. Inapita uku, inabwerera, inaterereka n'kugweramo. Apongozi anadzidzimuka, kenako anasuzumira.

"Basi? N'zomwezi?"

"N'zomwezi, amayi."

"Aa, ichi ndi diwa chabe. Mulungu anangolipatsa masamba." Anasamba kumaso pakasupepo n'kuwonjezera kuti, "Chikaswana mundipatseko, nyerere zandivuta pa shuga."

Chomeracho chinakhala pamenepo zaka khumi ndi zinayi. Chinakwera nthambi, chinakoloweka zingwe zake pamkuyu, ndipo chaka chabwino ndinkawerenga timitsuko topitirira makumi awiri. Ndinayesa kudula zidutswa monga anachitira adokotala. Ziwiri zinagwira pakasupe pomwepo. Chimene ndinapititsa kwa apongozi chinauma mwezi usanathe. Ana anga atatu anakula akudziwa njira ya kumeneko, koma iwo ankangokonda nkhuyu.

Achemwali anabwera kamodzi kokha, pa maliro a amayi. Uthenga unachedwa, anafika titaika kale. Anali atanenepa, akuyankhula ngati anthu a ku Dedza, ndipo ana anga ankawaseka akamati sukulu, poti anawo amati shikola. Tsiku lachinayi ndinawatenga kupita kukasupe. Anaona timitsuko, anagwira kamodzi ndi chala, koma maso awo sanakhalepo. Anandiuza kuti adokotala anabwerera kwawo atadwala, ndipo kanyumba kagalasi kaja eni atsopano amasungiramo mbatata. Ngati anakafika ali moyo mpaka kuphiri lawo, palibe amene ankadziwa.

Tikubwerera anaima pamwamba pa kaphiri, dzuwa likuswa mtengo, n'kutambasula manja.

"Kutentha kumeneku ndimakulota, mng'ono wanga. Kuja mafupa anga sanafundepo ngakhale tsiku limodzi."

"Ine ndimalota nkhungu."

"Tinasinthana molakwika," anatero, akuseka. Kenako kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo tinakhala pamwala mpaka mithunzi inatalika. Anandiluka tsitsi madzulo ake. M'mawa amuna anga anawakweza panjinga kukawasiya kumsewu.

Zaka zotsatira fodya analowa kwambiri m'dera lathu. Aliyense ankafuna chigafa, ndipo chigafa chimadya mitengo. Anthu anayamba ndi ya pafupi, kenako anakwera kaphiri. Amuna anga nawonso anadula, sindingabise, ndipo malata amene ndikugonamo lero anachokera m'fodya yemweyo. Anapempha anzawo kuti asiye mitengo ya m'kachigwa, ndipo mikuyu anaisiyadi, chifukwa mtengo wake ndi wosalimba. Koma mbawa zinapita, ndi zonse za kumtunda kwa thanthwe.

Kasupe sanaume tsiku limodzi. Poyamba ankangochepa m'chilimwe. Kenako dzuwa la masana linayamba kulowa mpaka pansi, ndipo ndere za pathanthwe zinasanduka zotuwa. Ukatsikira m'kachigwamo sunkamvanso kanthu pakhungu. Nsonga za zingwe zinayamba kuuma zisanatupe. Chaka chimenecho ndinapeza timitsuko titatu, chotsatira kamodzi kokha, kopunduka. Ndinabwereranso ku masaka onyowa, ndikusenza madzi a mvula kukwera nawo phiri, ine mayi wa ana atatu. Amuna anga ananyamula mgolo panjinga kukauika komweko, ndipo anamanga kamthunzi ka udzu. Sitinkakambirana za mitengo ija. Iwo ankadziwa, inenso ndinkadziwa.

Zing'onozing'ono ziwiri zija zinayamba kufa. Chachikulu chinalimba mpaka chilimwe china chimene mvula inachedwa kwambiri. Ndinadwala malungo milungu iwiri, ndipo nditadzuka n'kukwerako ndinapeza tsinde lada kuyambira pansi. Ndinadula kachidutswa kumtunda kumene kunali kobiriwira, ndinakulunga m'nsalu yonyowa, ndinakaika mumtsuko m'nyumba. Sikanagwire.

Amuna anga anandipeza nditakhala kuseri kwa nkhokwe.

"Amake mwana, pepani. Mwina kuli kwina kumene zimapezeka. Tifunse ku Chifunde, kapena ku Tete."

"Sizipezeka. Zisiyeni."

Anakhala pambali panga. Mvula itabwera anapita kukabzala timitengo ta mbawa kumtunda kwa thanthwe, ndipo mpaka lero amakalambulira moto usanafike. Tina tinapsa, tina tafika kale pamwamba pa mutu wa munthu. Akuti madzi adzabwerera. Mwina adzabwereradi, adzukulu adzamwa.

Tsopano ndili ndi imvi. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito kuchipatala cha ku Chifunde, ndipo anandigulira telefoni. Kwathu kuno redi, netiweki ya telefoni, imagwira pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndiye Lamulungu tikaweruka ndimakwera pamenepo n'kuimbira achemwali. Alamu anamwalira, iwo akukhala ndi mdzukulu. Timakamba za chimanga, za miyendo, za amene wamwalira kuno ndi amene wamwalira uko. Nthawi zina mawu amaduka pakati, ndimapitiriza kuyankhula ndekha osadziwa.

Mwezi watha anandiuza kuti maso awo achita ng'ala, diso limodzi latsekeka kale, linalo likuona ngati m'madzi.

"Ubwere ndikadaona, mng'ono wanga. Ndikufuna ndione mmene wakalambira."

"Ndibwera tikakolola."

"Unatero chaka chatha."

Ananena zoona. Chaka chatha kunali ukwati wa mwana wanga wamwamuna, chaka chinacho kunali matenda a amuna anga. Ulendo wake si wautali kwa anthu a masiku ano: mota, njinga yamoto ija, mpaka kumsewu waukulu, galimoto mpaka kumalire, kenako basi. Nditatsika pachulu ndinawauza amuna anga kuti ulendo uno sindidikira kukolola konse. Anati ndipite chimanga chikangouma, iwo ndi ana akolola okha. Mwana wanga akundikonzera mapepala. Ndayamba kale kusunga malambe m'thumba, ndi nyemba za kuno zimene achemwali amati za uko sizifanana nazo. Chimanga panopa changoyamba kumene kuchita ngaiyaye.